Ana a Chule ndi Komiti ya Matupi

Chaka chimene mvula inasochera, dambo la Nkhonde linauma n'kutsala thamanda limodzi lamatope. Chule anawonda mpaka khungu kumukulira, ndipo mkazi wake anali atangoikira mazira.

Nyama zikuluzikulu zinasonkha chakudya choti chigawidwe. Mvuu, wapampando, anadana ndi chipwirikiti. "Aliyense alandire malinga ndi thupi lake," anatero. "Oikira mazira kwa mayi Nkhanga, osambira ndi mchira kwa a Mlamba, a miyendo inayi kwa a Njati."

Chule anayenda konseko. Nkhanga anati alibe nthenga. Mlamba anati alibe mchira. Njati anangoseka, nati yongonyonyomalayo si miyendo. Atakadandaula, Mvuu anayasamula n'kunena kuti, "Mtundu umadziwika ndi mwana. Bweretsa ana tione."

Mawu amenewo Chule anawasunga kukhosi.

M'mawa anatunga mazira ake m'phale, ulendo kwa Nkhanga.

"Mazira anji opanda chigoba, oterera ngati therere?"

"Chilala, mayi, chigoba chimafuna kudya bwino. Koma tasuzumirani. Kadontho kakudako kanali kamodzi, kagawika pawiri, panayi, pano sindingawerenge. Mwa inunso zimatero, kungoti anu ndi aulemu, ali ndi chitseko."

Nkhanga anakondwa ndi chitsekocho, namupatsa lichero la chiswe.

Mazira ataswa munatuluka ambululu, mutu ndi mchira basi. Chule ananyamula phale lija kupita kwa Mlamba.

"Alamu, adzukulu anu awa. Miyendo alibe, amapumira m'madzi. Nanga mutu waukuluwu ndi wa kuchimuna kapena kuchikazi?"

Mlamba anapotokola ndevu. "Mutuwo ndi wakwathu, nkhani palibe." Anamupatsa ndere zodzaza dengu, ana nadya mpaka mimba kunyezimira.

Akanalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma tsiku lina Chule anaona timiyendo titaphuka pa ana ake. Chule sadya msipu, koma chaulere sachilambalala. Anathamangira kwa Njati ndi phale lija osawerenga n'komwe miyendoyo, ataiwala kuti kwawo miyendo yakumbuyo ndiyo imayamba, yakutsogolo imabwera mochedwa ngati alendo apaukwati.

Tsoka ilo, anapeza akuluakulu onse ali pamsonkhano.

"Iwiri," anatero Njati atasuzumira. "Ine ndinati inayi."

"Adzukulu anga amera miyendo?" anakuwa Mlamba. "Ndiye si nsomba izi. Ndipo chili m'madzi chosakhala nsomba, kwathu timati ndiwo."

Anayandikira phale kukamwa kuli yasa. Tiana tija tinaunjikana pakona, ndipo kamodzi kanafunsa, "Ababa, amalume akufuna kutipsompsona?"

"Idyani, alamu, ndalakwa ndine," anatero Chule atagwada. "Koma wapampando, ndiwozi n'za yani? Miyendo iwiri, ochokera m'dzira, amenewo si mbalame? Mchira ndi wa a Mlamba, inde. Nanga ikamera ina iwiri, a Njati adzamva bwanji kuti nzika zawo zinadyedwa popanda kalata?"

"Palibe adye anapiye anga!" anatero Nkhanga.

"Kapena ana a ng'ombe anga," anawonjeza Njati, amene sankafuna kutsalira pa chilichonse.

Mvuu anagamula kuti pakhale komiti yofufuza mtundu wa anawo, ndipo phale lisungidwe pansi pa mkuyu. Komiti sikhala ndi njala, choncho inatsegula nkhokwe ya chithandizo.

Inakhala masiku atatu, n'kugwirizana kuti ndi mbalame zochedwa nthenga. Popita kukatsimikiza inapeza miyendo yakwana inayi.

"Lipoti lanu lakalamba, mabwana," anatero Chule mwaulemu. "Mwina muyambirenso."

Inakhalanso masiku anayi, n'kugamula kuti ndi abuluzi a m'madzi. Pokaona, mchira wafupika, ndipo ana atulutsa mphuno kunja akupuma mpweya.

"Akutidyera dala mchira!" anatero Mlamba.

"Ukubwerera m'thupi, alamu. Pa chilala sititaya kanthu."

Ulendo wachitatu komiti inasamala kwambiri. Inakambirana sabata yathunthu, inasankha kakomiti kena koona za michira, ndipo nkhokwe itatsala pansi inabwera ndi chigamulo chomaliza: anawo agawidwe patatu, aliyense atenge mbali yake.

Inapeza Chule atakhala pambali pa phale, ana ali ndandanda m'mphepete, opanda mchira, onyonyomala ndendende ngati bambo awo.

"Mtundu umadziwika ndi mwana, wapampando," anatero Chule. "Ana inu, tsanzikani amalume."

Phale lonse linadumpha nthawi imodzi. Njati anaponda matope, Nkhanga anajompha phazi la Mvuu, Mlamba anatsala ndi madzi m'kamwa.

Madzulo ake mvula inagwa, ndipo dambo lonse linamva banja la Chule likuseka. Komiti ija akuti ikukumanabe. Pano ikufufuza amene anatha chakudya.