Ulusi Wofiira wa Nangozo

Panali munthu wina, woumba njerwa, amene ankakhala kumapeto kwa tauni ndi mkazi wake Nangozo ndi ana awo awiri aakazi. Wamkulu anali Ndaziona. Wamng'ono, Sigele, anali akadali kumsana.

Nangozo sankapita kwa telala. Ankasoka yekha pamanja atakhala pakhonde, chitini cha singano ndi ulusi chili pambali pake. Chovala chikatheratu, ankayamba wachotsa mabatani asanachisandutse chokolopera. Koma chimene chinkaseketsa anthu ndi kasokedwe kake. Chovala chilichonse cha mwana ankachisoka chachikulu, nsalu yotsalayo n'kuipindira mkati, m'munsi ndi m'chiuno. Tsiku limene Ndaziona anayamba sukulu, diresi lake la yunifolomu linali lolemera m'munsi ngati anasokeramo mchenga.

Amayi anzake pamjigo sanalekerere.

"Mayi a Ndaziona, mwanayu mwamuveka kapena mwamufunditsa?"

Nangozo anaseka nawo, n'kusenza ndowa yake. Koma mwamuna wake atamva, zinamuwawa.

"Nangozo, anthu aziti ine sindingathe kulipira telala."

"Nanga mungathe?" anafunsa mkaziyo, maso ali pa singano. "Ine ndikusokera mwana wa chaka cha mawa, bambo. Wa leroyu akukula tili chikhalire pano."

Chaka chitatha, Nangozo anatsitsa diresi lija kamodzi, ndipo linamukwana mwana bwinobwino. Miyezi ingapo pambuyo pake anadwala masabata atatu, n'kumwalira.

Abale ake anabwera kudzagawa zovala za malemu monga mwa mwambo. Woumba njerwa sanapemphe kanthu kupatula chitini chija. Anachiika pamwamba pa khoma, pansi pa malata, ndipo sanalole munthu kuchikhudza.

Chaka chotsatira chinali chovuta. Sopo anakwera mtengo, mchere unakwera, mafuta ophikira anthu anayamba kugula a tsiku limodzi lokha. Mvula itayamba, ntchito ya bamboyo inaima, pakuti njerwa siziuma pa mvula. Pofika Januwale m'nyumba munatsala thumba limodzi la chimanga. Thumba limenelo linali loti liwafikitse ku chimanga chachiwisi.

Tsiku lina Ndaziona anabwerera kusukulu dzuwa lisanafike pamutu.

"Aphunzitsi akuti ndisapitenso ndi diresi limeneli, ababa. Akuti lafupika."

Bamboyo anayang'ana. Linalidi pamwamba pa mawondo, ndipo m'chiuno linkamuthina.

"Anzako anati chiyani?"

"Anaseka."

Mwanayo anakhala pakhomo masiku atatu. M'mawa uliwonse ankaima pakhonde kuyang'ana anzake akudutsa ndi makope awo. Tsiku lachinayi bambo ake anakweza thumba lija pa wilibala, diresi lakale analipinda n'kuliika pamwamba kuti telala akaonerepo msinkhu, n'kulowera kumsika. Ankadziwa chimene akuchita. Mwana akabwerera kusukulu, mu Febuluwale m'nyumba simudzakhala chakudya.

Asanafike kwa ogula chimanga, anaima pakhonde la sitolo pamene pankakhala telala wina wachikulire ndi makina ake. Anafunsa mtengo wa nsalu ndi kusoka. Mtengowo unkadya pafupifupi thumba lonse.

"Chabwino," anatero. "Ndikagulitse kaye."

"Tapatseni diresilo ndione."

Telalayo analitembenuza kunja mkati. Anayendetsa chala m'munsi mwake, kenako m'chiuno. Anavala magalasi n'kuyang'ananso.

"Achimwene, mukufuna kundipatsa thumba la chimanga pa ntchito ya lezala?"

"Analitsitsa kale limenelo. Latha."

"Anatsitsa kamodzi. Anapinda kawiri. Taonani apa."

Mkati mwa diresi, mosaonekera kunja, munali mzere wa ulusi wofiira, wosokedwa motalikitsa. Unazungulira m'munsi monse. Wina unali m'chiuno, mbali zonse ziwiri.

Woumba njerwa anauzindikira msokowo. Anabweza dzanja.

"Anasoka ndi malemu mayi ake. Sindingadule."

Telalayo anavula magalasi.

"Pepani, sindinadziwe." Kenako anapitiriza motsitsa mawu. "Koma ine ndasoka zaka makumi atatu, ndipo dzanja la mnzanga ndimaliwerenga. Ulusi wakudawu anasokera kuti ugwire, n'chifukwa chake ndi wothinana. Wofiirawu anasokera kuti wina adzauone n'kuudula. Munthu ameneyu anakusiyirani nsalu, inu mukusunga ulusi."

Bamboyo anatenga diresi, natembenuza wilibala. Thumba limene anatsika nalo kumsika anakwera nalonso chitunda kubwerera kunyumba.

Atafika kunyumba anakwera pampando n'kutsitsa chitini chija. Fumbi linali litachikuta. Mkati munali singano zobayidwa pakansalu, mabatani m'bokosi la machesi, ulusi wakuda, ulusi wofiira, ndi lezala lokulungidwa m'pepala. Anakhala pakhonde pamalo pamene mkazi wake ankakhala. Manja ake anali okhakhala ndi dothi la zaka zambiri.

"Gwira uku, mwanangu. Ukoke pang'ono."

Ndaziona anagwira. Bambo ake anayang'ana ulusiwo nthawi yaitali. Kenako anadula.

Anadula pamodzi pokha. Atakoka, ulusi wonse unatuluka wosavuta, ngati unkangodikira. Nsalu inagwa, yotalika zala zinayi. M'mphepete mwake Nangozo anali atasokeratu ndi ulusi wakuda, moti panalibenso chosoka. Anadula wa m'chiuno, chiuno chinamasuka. Anaika makala m'simbi n'kusita mopindamo mpaka munawongoka. Mwanayo atavala, diresi linatsika kupitirira mawondo.

Chinthu chimodzi chokha simbi inalephera. Diresi lonse linali litasuluka ndi dzuwa ndi sopo, koma nsalu imene inabisika mkati inali ikadali yatsopano. M'munsi munaoneka mzere wowala, wosiyana ndi kwina konse.

"Akakusekanso," anatero bamboyo.

"Aseke," anayankha Ndaziona.

M'mawa mwake anapita kusukulu. Pa nthawi yopuma mtsikana wina analoza.

"Diresi lako lili ndi mitundu iwiri. Mwalumikiza ndi la ndani?"

"Sitinalumikize. Anandisungira amayi anga."

Anatembenuza m'munsi n'kuwaonetsa timabowo timene munadutsa ulusi wofiira. Atsikanawo anawerama kuyang'ana. Panalibe amene anaseka. Madzulo a tsiku limenelo, ena a iwo anakatembenuza madiresi awo kunyumba kufuna kuona ngati nawonso anasungiridwa kanthu.

Thumba lija linadyedwa pang'onopang'ono. Linatha sabata imene chimanga cha kuseri kwa nyumba chinayamba kukhwima. Ana awiri aja sanagone ndi njala, ndipo Ndaziona sanajombenso.

Chitini sichinabwererenso pamwamba pa khoma. Woumba njerwa anayamba ndi mabatani. Kenako zigamba. Anadzibaya kambirimbiri. Anzake a kuuvuni wa njerwa ankati singano imutha mphamvu, iye ankangopitiriza. Ndaziona atalikulira diresi lija kotheratu, bambo ake anagula nsalu yaitali kuposa msinkhu wa mwana, n'kusoka lina yekha. Msoko wake unali wokhota, koma unagwira. Anapinda kawiri m'munsi, n'kudutsitsa ulusi wofiira.

Diresi lakale analichapa n'kulisunga. Sigele atafika poyamba sukulu, bambo ake analitulutsa, n'kulipindanso m'mizere yomwe ija imene Nangozo anasiya. Diresi limodzi linaphunzitsa ana awiri.

Zinthu zinapitirira kukwera mtengo. Tsiku lina amayi awiri a pamjigo paja anafika pakhonde, aliyense atanyamula nsalu. Anaima kanthawi akuchita manyazi.

"Bambo a Ndaziona, tabwera kuti mutionetse mmene mumapindira."

Bamboyo anawayalira mphasa. Anatsegula chitini.

"Mukufuna kuveka," anafunsa, "kapena kufunditsa?"

Amayiwo anaseka atagwira pakamwa. Iyenso anaseka, koyamba pakhonde limenelo chimwalirire mkazi wake. Kenako anadula ulusi wofiira n'kugawira aliyense.

Inu makolo amene mwakhala pano, ana anu ndi aang'ono ndipo chaka chino n'cholimba. Mukamagula kapena kusoka, kumbukirani kuti mwana amene mukumuyezayo sadzakhala wotero chaka cha mawa. Siyani nsalu mkati. Anthu adzaseka; kuseka kwawo sikudzakugulirani china. Ndipo musanakweze thumba lomaliza pa wilibala, yambani mwatembenuza zimene muli nazo kale m'nyumba. Ena a inu muli ndi chitini pamwamba pa khoma, chimene mukuopa kuchikhudza chifukwa cha dzanja limene linachigwira komaliza. Chitsitseni. Amene anakukondani sanapindire nsalu kuti ikhale yopindidwa.