Mwini Ngolo Amene Anavomera Kunyamulidwa

Kudera lina lakumidzi kunali bambo wina wa ngolo. Munthu akadwala mwakayakaya, abale ake ankathamangira kwa iye kuti amutengere kuchipatala. Ananyamulapo amayi apakati ndi olumidwa ndi njoka, koma iye mwini ankadzitama kuti jakisoni sakumudziwa.

Tsiku lina m'mawa akumanga ng'ombe pagoli, anamva chifuwa chikuthina ngati wina wamusenzetsa thumba la chimanga. Ululu unatsikira ku dzanja lamanzere, n'kukweranso kunsagwada. Thukuta lozizira linali kamukamu, dzuwa lisanatenthe n'komwe. Iye anati ndi chilungulira, poti anali atadya mbatata. Anatapa phulusa pamoto n'kunyambita, monga timachitira tonsefe. Ululu sunasinthe, mpweya unayamba kumuperewera.

Mkazi wake anamuyang'ana nati, "Bambo a Lonjezo, chilungulira sichigwira dzanja. Gonani m'ngolomo, ndikuyendetsani ine."

Bamboyo anachita manyazi kwambiri. Msewu wa kuchipatala unkadutsa pamsika, pomwe anzake ankasewera bawo. Amuone atagona pamphasa m'ngolo yakeyake, chikwapu chili m'manja mwa mkazi? Anaganiza zoti angopirira mpaka madzulo. Koma chifuwa chinathinanso, ndipo iye anakwera n'kugona.

Pamsika anamusekadi. Mayiyo sanacheuke, ankangokalipira ng'ombe. Atafika, adokotala anamuyeza mwachangu nanena kuti mtsempha wopereka magazi kumtima unali kutsekeka, ndipo akanadikira madzulo, ngoloyo ikanabweretsa maliro. Anamupatsa mankhwala, ambulansi n'kumuthamangitsira ku chipatala chachikulu. Patapita milungu itatu anabwerera kwawo akuyenda ndi miyendo yake, ndipo a bawo aja anaimirira kumupatsa moni ndi manja awiri. Mkazi wake ankalulutira njira yonse.

Abale anga, chifuwa chikathina, ululu n'kufika kudzanja, thukuta n'kuzizira, musafunefune phulusa, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Mzimu wanunso umachenjeza chimodzimodzi. Tchimo likayamba kukufinyani m'kati, mumati n'zazing'ono, zitha zokha, chifukwa mukuopa kuti anthu akusekani. Ena mwa inu mwanyamula anzanu m'mapemphero zaka zambiri, koma inu simunavomerepo kuti mwadwala. Vomerani lero, nthawi ikadalipo. Alekeni osekawo aseke. Yesu sanabwezepo munthu amene anabwera kwa iye atanyamulidwa, ndipo inunso mudzadzuka.