Pogwera Munsi

Kalekale, makaseti asanathe ntchito, ku Limbe kunali gulu la jazi la anthu khumi ndi asanu ndi atatu, mtsogoleri wake a Chidothi. Gululi linkajambula chimbale cha nyimbo zamakolo za mitundu yosiyanasiyana: ya asodzi a ku Kelimane, ya paukwati wa Amwenye, ya abusa a nkhosa a ku Sikotilandi. Inatsala imodzi, ya kwathu kuno.

Lachiwiri lina m'mawa a Chidothi anali pakhonde, akupukuta lipenga lawo lopindika lija amati sakisofoni. Akazi awo, a Nankhoma, anabwera ndi tiyi. Bamboyo anaseka nati nyimbo yotsalayo yawakanika, ndipo amene adzaimalize adzatenge lipengalo. Mayiwo anangoti amwe tiyi asanazizire. Tiyiyo anazizira. Pofika masana pakhondepo panali anamalira.

Atasesa maliro, a Nankhoma anaitana oimba onse n'kuwauza mawu a malemu aja monga anawamvera, osawonjezera kanthu.

Mbedza, woimba gitala ya besi, anakumbukira kuti tsiku lomaliza kuyeserera anaiwala kuzimitsa wailesi yake yojambulira. Anapeza kaseti itatafunidwa. Masiku atatu anaiwongola ndi zala, akuikulunga ndi cholembera, mpaka munamveka a Chidothi akuimba mluzu wa nyimbo yotsala ija: kanyimbo kakafupi, kodukaduka.

Amade, woimba piyano wa ku Mozambiki, ndiye ankadziwa kulemba nyimbo papepala. Anautenga mluzuwo n'kugawira aliyense mzere wake, malipenga, magitala, ng'oma. Pomwe mluzu unkaduka ankadzazapo yekha, poganiza kuti kaseti inaonongeka. Ataiimba, nyimboyo inatuluka yolongosoka ngati ya apolisi pa perete. A Nankhoma anayang'ana pansi. Panalibe phazi lomwe linagwedezeka.

Esinala, woimba ndi mawu wa ku Chiradzulu, anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Achimwene, mwatsekera munsi njira. Kaseti ilibe mlandu, iyi ndi nyimbo ya pamtondo. Pomwe malemu akukhala chete mpomwe munsi ukugwera."

Amade anadandaula kuti kusukulu ku Maputo sanawaphunzitse za munsi.

"N'chifukwa chake mumadya mgaiwa," anatero Esinala.

M'mawa mwake mtondo unalowa m'situdiyo, ndi chimanga chenicheni. Esinala anagwira munsi umodzi, wina anapatsa a Nankhoma, omwe anali asanaseke chifere amuna awo. Minsi inayamba kulandizana, gaga akuulukira papiyano, malipenga n'kulowa m'mipata. Wojambula anavina mpaka kuiwala makina ake, ndipo gulu linabwereza nyimboyo kachiwiri. A Nankhoma anaseka.

Chimbalecho chinatchuka mpaka kutsidya kwa nyanja. Makalata ankabwera ofunsa dzina la ng'oma yachilendo ya m'nyimbo yomaliza.

Kenaka atatuwo anafika kwa a Nankhoma, aliyense ndi ulemu wake. Mbedza anati popanda kaseti sipakanakhala choimba. Amade anati mluzu wa munthu mmodzi sungakwane pakamwa pa gulu lonse. Esinala anati nyimboyo anaipeza itagona, iye ndiye anaidzutsa. A Nankhoma anamvetsera, lipenga lili pamiyendo. Mwa atatuwo panalibe wodziwa kuliimba.

Tsono inu mwamva zonse. Mukanakhala a Nankhoma, lipengalo mukanapatsa yani?