Voti Yothetsa Lamulo la Sitima

Overtone anali mlonda pa hotela ina ku Al Asmakh mumzinda wa Doha, munthu wa pakamwa pakuthwa ngati lumo. Chimene chinkamudya moyo chinali lamulo la gulu la Amalawi opemphera ku Abu Hamour, loti Lachisanu lililonse onse azikumana pa siteshoni ya Msheireb n'kukwera sitima limodzi, kenaka n'kukweranso basi. Lamulolo linkatinso amayi awiri aziyamba akatenga atsikana ogwira ntchito m'nyumba za mabwana, pakuti madamu ambiri salola wantchito kutuluka yekha.

Kudikirana kumeneku kunkadya ola lathunthu. Tsiku lina atatha mapemphero, Overtone anaimirira.

"Abale, ofu ndi tsiku limodzi lokha. Tizilithera pa siteshoni ngati mbuzi zodikira wogula? Tivote, aliyense aziyendera yake, khalasi, nkhani yatha."

A Felister, mmodzi wa amayi otenga atsikana aja, amene anali atakhala ku Doha zaka khumi, anati, "Achimwene, nanga otsekeredwa m'mageti aja aziwatenga ndani? Mlongo wanu Maness ali komweko ku Al Thumama."

"Maness ali ndi foni, amayi. Si khanda."

Anthu anakweza manja. Ofuna kuthetsa lamulo anapambana ndi dzanja limodzi, Overtone n'kuseka chikhakhali.

Lachisanu lotsatira Maness sanabwere. Madamu ake anati popanda amayi aja pageti, sapita kulikonse. Masabata anatsatizana chomwecho. Overtone akaimba foni, mtsikanayo ankangoti, "Ndili bwino, achimwene," chifukwa madamu ankakhala ali pambali. Koma foni siona nkhope yofufuma, siona miyendo yotupa. A Felister akanaziona zimenezo ali pageti pomwepo, n'kumukokera kwa dokotala.

Patatha miyezi iwiri Overtone anaitanidwa kuchipatala. Anapeza Maness atatupa thupi lonse, impso zitasiya kugwira ntchito. Dokotala anafunsa chifukwa chimene anachedwera naye chonchi. Patatha masiku atatu mtsikanayo anatsikira kuli chete.

Gulu litasonkhana kuti liperekeze thupi kubwalo la ndege, Overtone ankalira uku akutukwana madamu a Maness.

"Mfiti ija yandiphera mlongo wanga."

A Felister sanamunyengerere. "Zoti madamu aja ndi ouma mtima tinkazidziwa, n'chifukwa chake tinaika lamulo lija. Koma dzanja limene linakhoma getilo ndi lanu, achimwene. Munalikweza tonse tikuona."

Overtone anagwa pansi ngati thumba lobooka. Ola limene ankalidandaula lija tsopano akanaligula ndi moyo wake, koma panalibenso womudikira. Akuluakulu sananame: chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.