Telala ndi Msoko Wam'kati

Chilape! Diresi langa limawala pamaso pa anthu, koma limayambira kung'ambika kumene diso silifika. N'chiyani? Musafulumire, mverani kaye.

Panali mayi wina wosoka madiresi aukwati, dzina lake Nasiwelo. Anali ndi tsamba pa intaneti. Kumaso kwa tsambalo kunali madiresi oyera mbuu, ndipo ankasintha zithunzi zake pafupipafupi. Kuseri kunali seva, kompyuta yakutali imene imasunga tsamba lonse. M'menemo munali manambala a foni a akwatibwi, ndi zithunzi zawo akuyesa madiresi, zimene ngakhale akwati anali asanazione.

Uthenga unkabwera wakuti pulogalamu ya pa seva yakalamba, ming'alu yake akuba aidziwa, aike yatsopano. Iye ankangoti mawa. Inali nyengo ya maukwati, ndipo ankaopa kuti akakhudza kuseriko, kumaso kusokonekera.

Tsiku lina mkwatibwi anabwera kudzatenga diresi. Nasiwelo analitembenuza, monga ankachitira nthawi zonse, n'kuyamba kukoka msoko uliwonse.

"Iii, amayi, m'katimo adzaonamo ndani?" anaseka mkwatibwiyo.

"Palibe, mwanawe. Koma ukadzagwedeza chiuno pa perekaniperekani, ulemu wako udzakhala pa msoko umenewu."

Atatero, diresi lili m'manja, Nasiwelo anakumbukira seva ija. Mawu akewo anamubwerera.

M'mawa mwake sanatsegule makina osokera. Anatseka tsamba, nasunga kope la zonse pambali, ndipo anaika pulogalamu yatsopano. Chithunzi chimodzi chinapendekeka. Anachiwongola, basi.

Posakhalitsa akuba anayendayenda pa intaneti, kugogoda paliponse pamene panali mng'alu wakale uja. Masamba ena anatseguka, zithunzi za anthu zinamwazika. Pa tsamba la Nasiwelo anapeza pasokedwa, napitirira. Mkwatibwi uja anavina mpaka nsapato kuvula, osadziwa n'komwe kuti zithunzi zake zinapulumuka.

Yankho la chilape mwalimva: ndi tsamba lija. Inunso amene anthu anakusungitsani zawo, musamangopukuta kumaso. Tembenuzani diresi. Uthenga ukabwera, sungani kope, sokani lero, ulusi usanathe mphamvu.

Nthano itatha, kamtsikana kena mwa omvera kanakweza dzanja.

"Nanga msoko watsopanowo ukadzakalamba, Nasiwelo atakalambanso, adzatembenuze diresilo ndani?"