Khola Lobiriwira la a Chimtengo

Panali munthu wina woweta nkhuku za mazira. Ulimi utamuyanja, anamanga makola awiri kutali ndi tauni, koma kuwayendera kunayamba kumutopetsa. Anagula kompyuta, naitana katswiri kuti amukonzere tsamba loonetsa mmene khola lililonse likuyendera, lililonse ndi kabokosi kake kosintha mtundu.

Katswiriyo anafunsa kuti, "Bwana, zikafa nkhuku zingati pa sabata kabokosi kafiire?"

Munthuyo anayankha maso ali pa foni. "Zikaposa makumi awiri kafiire. Zikapanda kufika khumi kabiriwire. Zapakatizo muike chikasu."

Kuyambira tsikulo ntchito inapepuka. Lolemba lililonse oyang'anira makola ankatumiza chiwerengero cha nkhuku zakufa, ndipo tsamba linkadzipaka lokha mitundu. Poyamba munthuyo ankawerenga manambala. Kenaka anaona kuti kuwerenga n'kudzivutitsa, poti mtundu ukuoneka uli pakhomo pomwe. Mazira onse ankabwera pa galimoto imodzi, ndiye sankadziwa ochokera uku ndi ochokera uko.

Khola lalikulu, la nkhuku zikwi zitatu, ankaliyang'anira mayi Nabiyeni. Kabokosi kawo kankangokhala psuu. Khola laling'ono, la nkhuku mazana awiri, linali m'manja mwa a Chimtengo, ndipo kawo kanali biriwiri ngati dimba la mpiru.

Munthuyo mutu unamuima. Nabiyeni ankawadziwa, mayi olawirira ntchito, osalola munthu kulowa m'khola asanaponde m'mankhwala. Nanga kufiiraku kukuchokera pati? Anawagulira katemera wina, kabokosi kanafiirabe. Anasintha chakudya, kanafiirabe. Anawaimbira foni mokalipa, iwo n'kungoti, "Bwana, nkhuku zili bwino. Tabwerani mudzaone." Koma iye akayang'ana pa kompyuta ankaona kufiira, ndipo ankadzifunsa ngati makina anganame.

Patatha miyezi inayi anawalembera kalata yowachotsa ntchito. Anailemba mtima ukumuwawa, komabe anaitumiza. Mayiwo anamanga katundu n'kubwerera kwawo ku Ntchisi.

Sabata yotsatira anagula njinga yatsopano kuti akathokoze a Chimtengo. Atafika, anadabwa kuti pakhola pali zii. Analowa, napeza tinkhuku tofooka titaunjikana pakona. Anawerenga kawiri. Sizinakwane makumi asanu.

"Bambo Chimtengo, zina zija zili kuti?"

"Zinafatu, bwana. Sabata ina zisanu ndi zitatu, ina zisanu ndi zinayi. Lipoti sindinaphonyepo."

"Bwanji osandiuza?"

A Chimtengo anakanda mutu. "Ndinakuuzani ulendo uja. Munati ndisadandaule, kwathu kuno n'kobiriwira. Ine ndinangoti mwina nkhuku zimayenera kufa choncho."

Munthuyo anatulutsa foni n'kutsegula tsamba lija ataimirira m'khola momwemo, pakati pa zisa zopanda kanthu. Kabokosi kanali kobiriwira.

Apo m'pamene anachita masamu amene mwana wa pulayimale akanachita. Mayi Nabiyeni ankataya nkhuku makumi awiri ndi zisanu pa zikwi zitatu, osafika n'komwe imodzi pa zana. A Chimtengo ankataya zisanu ndi zinayi pa mazana awiri, kuposa zinayi pa zana. Anaimbira katswiri uja kufunsa amene anauza makina zopusazi.

"Ndinu, bwana. Ine ndinangolemba."

Njinga ija anabwerera nayo. Madzulo ake anaimbira mayi Nabiyeni, ndipo mayiwo anayankha mwaulemu kuti apeza kale ntchito pa famu ina.

Tsono inu amene mumatsegula malipoti Lolemba m'mawa, kabokosi sikadziwa nkhuku. Kamangobwereza malire amene munthu anakauza, mwina tsiku limene anali wotanganidwa ndi zina. Kakafiira, funsani kuti zafa zingati pa zingati. Kakabiriwira, funsaninso chimodzimodzi, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo wantchito wanu akakuuzani kuti tabwerani mudzaone, valani nsapato mupite kalata musanailembe.