Kachasu wa Bambo Chimpeni

Mayeso atatsala pang'ono kuyamba, bambo Chimpeni a ku Zingwangwa anaitana Mwayiwawo, mtsikana wochita lendi m'nyumba yawo yakuseri. Mtsikanayo ankaphunzira uinjiniya wa makemikolo ku yunivesite. Bambowo anali mkulu wa mpingo, koma kuseri kwa bafa ankatcheza kachasu mobisa.

"Mwana wanga, ku labu kwanu kuli mankhwala," iwo anatero. "Unditengereko owonjezera mphamvu ya mowa wangawu. Ukakana, chipinda ndipatsa wina."

Mwayiwawo ankadziwa kuti wophunzira akagwidwa ataba mankhwala amachotsedwa sukulu. Anagwada n'kunena kuti ayesetsa.

M'mawa mwake anabwera akumwetulira. "Bambo, zatheka. Aphunzitsi asangalala kwambiri, koma akuti sangapereke mankhwala asanaone mbiya ndi paipi yanu. Loweruka kalasi yonse ibwera pa basi ya sukulu, makamera ali m'manja. Ndi Tafatsa yemwe, mwana wa abusa anu uja."

Bambo Chimpeni anakhala pansi pakhonde. "Mbiya yanji? Pano palibe mbiya. Ine ndimanena za thobwa."

"Thobwa nalonso timaphunzira, bambo. Angobwerabe."

"Asabwere! Iwe uzingowerenga, mwana wanga. Chipinda ndi chako."

Kunena zoona, aphunzitsi sanauzidwe kanthu. Mwayiwawo akukhalabe m'chipinda chomwecho, ndipo bambo Chimpeni amauza anzawo kuti ana a ku yunivesite masiku ano alibe nzeru.